Kapitawu ndi chikhoti cha msilikali

Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi pamene amalume anabwera kuchokera ku Zimbabwe ndi kamwana ka galu m'thumba la ufa. Kanali ka mutu waukulu ndi chifuwa chotambalala, mtundu umene masiku ano amautcha pitibulu. Tinkakhala kufupi ndi Ntengo-Wambalame, nkhondo ili mkati. Anthu a mfuti ankadutsa m'midzi, lero awa, mawa ena, ndipo onsewo ankachoka ndi mbuzi. Kwathu zinali zitatsala zitatu.

Tinamutcha Kapitawu. Miyezi yoyamba ankagona pamapazi a mlongo wanga Rozita, wa zaka zinayi, n'kumamunyambita zala akatha kudya mbatata. Koma ababa sankafuna galu wosewera ndi ana. Anamumanga ndi unyolo kuseri kwa khola, ndipo ine anandipatsa ntchito yofuna zisa za mavu, kuzisinja, n'kuzisakaniza ndi chakudya chake. Kwathu ankati galu wodya mavu amalusa.

Ababa anawonjezapo nzeru yawoyawo. Anali atatola kumunda chikhoti chobiriwira cha msilikali, chonunkha utsi ndi thukuta. Tsiku ndi tsiku ankachivala, kudziphimba kumaso ndi nsanza, n'kumukwapula galuyo mpaka atatuluka thovu kukamwa. Akachivula ankabwera ndi fupa.

"Adziwe mdani ndi chovala," ankatero. "Tropa akadzalowa pano adzaona." Ndi mmene tinkawatchulira asilikali.

"Inu, munthu wa mfuti n'kuopa galu?" amayi anafunsa tsiku lina.

"Make Zakariya, izi n'za amuna," anayankha ababa, akuwaitana ndi dzina langa.

M'mawa wina nyengo yachisanu, makolo analawirira kudimba kukakumba kachewere. Udzu unali utayera ndi chisanu. Bulangeti lathu linali litapita ndi anthu a mfuti, ndipo Rozita ankanjenjemera pakhomo mano akugundana. Ndinakwera pankhokwe, kutsitsa chikhoti chija, n'kumuveka. Chinkakhwekhwereza pansi. Iye anaseka.

"Achimwene, taonani, ndine tropa! Ndikamuonetse Kapitawu!"

Nanenso ndinaseka. Ndinamusiya athamange.

Galuyo sanauwe. Ndinangomva unyolo ukukoka, kenako kulira kumodzi kokha. Nditafika, anali atamugwira paphewa pafupi ndi khosi, akumugwedeza uku ndi uku, timiyendo tikumenya fumbi. Ndinatola mpini wa khasu n'kumumenya pamsana, pamutu, m'nthiti. Ndinamuitana dzina. Ndinamukoka mchira mpaka manja anga anaterereka ndi magazi. Sanasiye, ndipo sanandiyang'ane n'komwe.

Ababa anafika akuthamanga ndi nkhwangwa. Anatema katatu. Galu atafa, nsagwada zinali zisanatseguke, ndipo anachita kuzikanula ndi mpini uja.

Chipatala chaching'ono cha kwathu chinali chitatenthedwa kale. Amayi anamanga bala ndi nsalu yawo, ababa anamubereka Rozita, tinayamba ulendo wa kumalire a Malawi kudzera m'njira za m'tchire. Dzuwa lili pamutu, amayi anamugwira phazi, napeza litazizira, nauza ababa kuti aime. Tinabwerera naye kumudzi.

Ndinadikira chikwapu masiku ambiri, ndipo ndinkachifuna. Sichinabwere. Patatha sabata, tikupalira awiri, ababa analankhula maso ali pakhasu.

"Iwe unaona mwana akuzizidwa. Zinazo n'zanga."

Sanadzatchulenso nkhaniyi mpaka imfa yawo.

Lero ndimaphunzitsa ku Furancungo. Mkazi wanga anamwalira chaka chatha, n'kundisiyira mwana wamkazi amene sanayambe sukulu. Mnzanga wa kuntchito, pondimvera chisoni, anandibweretsera kamwana ka pitibulu. "Profesori, pakhomo panu pamakhala popanda munthu wamkulu. Awa mukawalera bwino ndi ofatsa ngati nkhosa."

Sindinamutsutse, chifukwa kufatsa kwa agalu otere ndinakuona ndi maso anga. Kapitawu sanabadwe woipa. Ukali tinamudyetsa tokha, ine ndi ababa, poganiza kuti udzadikira mdani yekha. Koma ndikudziwanso chimene nsagwada zotere zimachita zikagwira, ndipo palibe woweta amene amadziwa zonse zimene galu wake waphunzira. Galu wamba akalakwiridwa amaluma n'kuthawa. Uyu amagwira.

Ndinamuthokoza mnzangayo, n'kumupempha kuti abwerere nako. Mwana amalakwitsa tsiku lililonse, ndi mmene amakulira. Ine ndatsala ndi mmodzi.