Kaswida m'Chigafa cha Mayi Asiyatu

Fungo la fodya wouma likangondipeza, ndimaona mayi Asiyatu atakhala m'chigafa pa thumba lotha la feteleza wa makuponi, mpango wobiriwira kumutu, akusankha masamba uku akung'ung'udza nyimbo ya Chiarabu. Anali aneba athu ku Chulu, mayi wamasiye wochokera ku Nkhotakota, ndipo banja lawo ndi lokhalo linali la Chisilamu m'mudzi monse.

Nyimbo za azungu za pa wailesi sankazifuna. Za kanema wa pagolosale ndiye musanene. Akatipeza tikusuzumira pazenera, ankatikoka makutu uku akuseka: "Anthu akupsompsonana kwawo uko, inu makosi akuuma kuno. Mwakhuta?"

Chaka chomwe mwana wawo Mariamu ankakwatiwa, anyamata a m'mudzi anadzipereka kuti abweretsa masipika. Mayi Asiyatu anakana. Basi nkhani inayamba kuyenda pachitsime, akuti ukwati wopanda disiko ndi maliro, palibe adzapiteko. Achibale awo anali kutali, ndipo oimba kaswida, nyimbo zotamanda Mulungu ndi Mtumiki, kwathu kunalibe. Tsiku lina ndinawapeza akusankha fodya osaimba, ndipo zinandiwawa.

Amayi anga ankatsogolera kwaya ya kutchalitchi kwathu, ndipo sanali munthu wodikira kupemphedwa. Anangolowa m'chigafamo n'kunena kuti, "Anzanga, tiphunzitseni zanuzo. Pakamwa tili napo."

Kwa milungu itatu m'chigafa munasanduka sukulu. Azimayi asanu ndi atatu, manja ali bii ndi fodya, ankapinda malilime, mayi Asiyatu akuomba dufu, kang'oma kawo kachikopa cha mbuzi, mpaka misozi yakuseka kutsika. "Amake Chisomo," ankatero kwa amayi anga, "Chiarabu chanucho chikumveka Chitumbuka!"

Tsiku la ukwati anthu anadzaza bwalo, ambiri kudzaona mmene zikanikire. Koma dufu itagunda, azimayi aja atafunda mipango n'kutsegula pakamwa, ngakhale anyamata a masipika aja anayamba kuwomba m'manja. Nyimbo itatha, amayi anga chimwemwe chinawakwera, anaiwala kumene ali. Anakweza manja n'kufuula, "Aleluya!"

Bwalo lonse linawatembenukira. Shehe amene anabwera pa njinga kuchokera ku Boma anayang'ana pansi. Ine manyazi anandigwira, ndinabisala kuseri kwa nkhokwe.

Mayi Asiyatu anaika dufu pansi, n'kupita kukawakumbatira amayi anga. "A Shehe, musadandaule. Awa atamanda m'chinenero chakwawo. Mwini wake wamva." Shehe anaseka mpaka kofiya kugwa, ndipo dufu inagundanso.

Mayi Asiyatu anatisiya kalekale, koma kaswida ija ndimaiimbabe ndikamachapa, ndi Chiarabu chokhota cha amayi anga chomwecho. Pa ukwati wanga kutchalitchi, kwaya itangomaliza nyimbo, Mariamu anaimirira kumbuyo, mwana ali kumsana, n'kufuula, "Allahu Akibaru!" Abusa anaphethira kawiri. Amayi anga ndiwo anayambitsa nthungululu.