Mphunzitsi amene ankapempha nambala thuu

Inu amene munagwapo anthu akuona, imvani za Nuala Tansey.

Tsiku limene anagwa koyamba pa chisankho cha khonsolo, Nuala anatuluka mu holo ya ku Drumcarra atazyolika, mvula ikumukwapula. Powerenga mavoti, iye ndiye anali woyamba kuchotsedwa. Anali mphunzitsi wa kasukulu ka kuphiri, kamene akuluakulu a boma ku likulu ku Dublin ankafuna kutseka ati ana achepa. Ndale anazilowera kasukuluko basi.

Koma anthu akwathu kuno amatopetsa, abale. Khomo lililonse ankamulandira ndi tiyi, kumuthokoza kuti anaphunzitsa mwana wawo kuwerenga, kenako n'kukavotera chipani cha agogo awo. Agogowo anaola kalekale, koma pensulo yovotera akuigwirabe ndi iwo. Ngakhale azakhali ake a Dympna, amene anamulera mayi ake atamwalira, anamuuza mosaphethira kuti nyumba yawo sinasinthepo chipani ndipo siyambira pa iye.

Anaimanso, anagwanso. Apo ndiye zinamukwana. Anakalowa m'khitchini mwa azakhaliwo osavula n'chikhoto chomwe, n'kuwafunsa ngati ana a kuphiri azikwera basi kusanache mpaka kutauni chifukwa cha agogo amene anafa kale.

"Usandikalipire m'nyumba mwanga, mwana iwe," anatero a Dympna. "Wani wanga ndi wa khansala wathu, a Gilhooly. Koma thuu alibe mwini. Unayamba wandipemphapo?"

Paja kuno povota timalemba manambala: wani kwa amene ukumufunitsitsa, thuu kwa wotsatira. Wa wani akagwa, kapena mavoti akamuchulukira, pepala lako limasamukira kwa wa thuu. Izi ankaziphunzitsa yekha m'kalasi, koma kupempha thuu ankakuona ngati kupempha makombo.

Anameza malovu n'kuyambiranso khomo ndi khomo. Agalu anamuuwa, nsapato zinatha. Paliponse mawu anali omwewo: "Agogo anu sindikukulandani. Ndipatseni thuu." Amuna kumowa anamupatsa dzina loti Mayi Thuu, ndipo a Gilhooly, khansala wakalekale uja, ankamufunsa pamaliro ngati mbale yopemphera wabwera nayo. Zinkamuwawa kwabasi, koma m'mawa mwake ankagogodanso.

Chimene a Gilhooly anaiwala n'chakuti zipani ziwiri zazikulu za kuno zimadana ngati mphaka ndi galu. Wa chipani ichi sangapatse thuu wa chipani icho, bola dzanja liume. Nuala yekha ndiye analibe chipani. Ndiye ma thuu onsewo akanapita kuti?

Tsiku lowerenga, Nuala anayambira kumunsi monga kale. Koma aliyense akagwa, mapepala ake ankathera pa mulu wa aphunzitsi. Pa mipando yonse yolimbiranayo, womaliza unali wake, ndipo a Gilhooly anatuluka osatsanzika.

Kukhonsolo sanapite kukawodzera. Anawasowetsa mtendere makhansala anzake mpaka anamanga nyumba pafupi ndi kasukulu kaja, mabanja n'kubwera ndi ana awo. Patapita zaka anavala tcheni cha umeya, kenako anaima pa chisankho cha aphungu n'kupambananso ndi ma thuu omwewo. Zotseka sukulu zija zinathera pomwepo.

Asananyamuke kupita ku nyumba ya malamulo, anadzera kwa azakhali ake. Anali ndi chikhulupiriro kuti ulendo uno wokha, poti ndi mwana wawo yemwe, anamupatsa wani, ndiye anawafunsa.

"Thuu, ngati kale," anatero a Dympna akuthira tiyi. "Ukudandaula chiyani? Ku Dublin si ukupita?"

Nuala anagwira mutu. Anthu ake ndi amenewa, sasintha.

Ndiye inu amene akumanani wani, lekani kukhala pansi n'kumatukwana. Dzukani, mubwerere pakhomo pomwe anakukanani paja, mukafunse chimene chatsala. Musafooke ayi. A Dympna anamwalira osamupatsapo Nuala wani, koma belu la kasukulu ka kuphiri likulirabe m'mawa uliwonse.