Masamba amene ndinaika pamsewu wa kwathu

Filimu yanga yachinayi ndi ya mphindi zisanu ndi zitatu zokha, koma aliyense amene waionera amandifunsa funso limodzimodzi: mayi wolira uja ndinamupeza kuti? Amati ndi katswiri. Wina anachita kundipempha kuti ndimulumikize naye akamuike mu sewero lake. Ine ndimangoseka ngati chitsiru, koma mumtima ndimakhala ndikuwatukwana, iwowo pamodzi ndi ine ndemwe. Mayi wolirayo ndi amayi anga ondibereka, ndipo sankachita sewero.

Ntchito yanga ndi ya uphunzitsi, pa sukulu ina ya pulayimale pa Boma la Dedza. Zojambula ndinaziyamba ndili mtsikana wamkulu kale, ndi foni yong'aluka galasi pakona. Sukulu yake sindinapiteko. Amene anandionetsa njira ndi bambo wina wojambula maukwati, wamfupi, wodzimva kwabasi, amene ankandilola kumuperekeza Loweruka bola ndisamuphunzitse ntchito. Pa miyezi yonse imene ndinayenda naye ndinatolapo zinthu ziwiri. Choyamba, dzuwa lizikhala kumbuyo kwako. Chachiwiri ankachibwereza mpaka kukwana nacho.

"Aphunzitsi, chala chanucho chimafulumira," ankatero. "Zabwino zonse zimachitika inu mutazimitsa. Mukayatsa kamera musazimitse. Ngakhale mkwatibwi agwe, inu jambulani, omudzutsa alipo ambiri."

Zina zonse ndinaphunzira pochita kulakwitsa. Filimu yoyamba inali ya mayi wogulitsa kachewere m'mbali mwa msewu waukulu. Nditaiika pa laputopu, pakamwa pa mayiyo pankayenda koma chomveka chinali mphepo ya ku Dedza yokhayokha, ija imalowa mpaka m'mafupa. Ndinaphunzira kuveka mayikolofoni sokosi. Yachiwiri ndinaijambula m'mawa wa mu Juni, chifunga n'kumeza anthu anga onse, kungotsala mawu. Yachitatu, munthu amene ankasewera ngati wakuba analowa m'nyumba atavala malaya ofiira n'kutuluka atavala oyera, chifukwa kulowako ndinajambula sabata ino, kutulukako sabata inayo. Aphunzitsi anzanga anaseka mpaka kugwetsa misozi, n'kundipatsa dzina loti a Kanema. Ndinkawayankha mwaulemu, koma zinkandiwawa. Ndinalumbira kuti yachinayi idzawatseka pakamwa.

Nkhani yake inali ya mlimi amene wagwa ndi njinga pamtsetse atanyamula matumba a kachewere, n'kumwalira, ana ake n'kuyamba kulimbirana dimba maliro ali m'nyumba. Ndinkafuna nyumba ya kumudzi ndi munthu wogona pamphasa ngati mtembo. Anthu atatu anandikanira, wina mpaka kundilavulira pambali. Ndiye ndinapita kwathu ku Bembeke kukadandaulira abambo.

Abambo anga ndi mphunzitsi wopuma pantchito, ndipo pa nthawi yawo ndiwo ankaphunzitsa ana masewero. Anavomera ndisanamalize n'kulankhula komwe.

"Koma amayi ako asamve," anatero. "Akana, ukuwadziwa. Bwera Lachinayi. Amapita kumsonkhano wa amayi ku parishi, amabwerako dzuwa litapendeka. Pofika iwo ine ndidzakhala nditauka kale kwa akufa."

Tinaseka tonse awiri. Ndikakumbukira kuseka kumeneko ndimafuna kudzimenya mbama.

Sukulu zinali zotseka. Lachinayilo ndinafika ndi amayi asanu a kwaya ya pa Boma, atavala zitenje zakale ndi mipango kumutu. Abambo anagona pamphasa pabalaza, chitseko chili chotsegula, nditawafunditsa bulangeti mpaka kumutu. Katatu konse anawononga ntchito chifukwa bulangeti linkagwedezeka ndi kuseka kwawo. Kachinayi ndinawakalipira ngati mwana wa sitandade 2. Ndinati kaya amve chiyani, kaya ntchentche iwalowe m'mphuno, asagwedezeke mpaka ine nditanena. Anandimvera. Pa moyo wawo wonse, tsiku limene abambo anasankha kumvera mwana wawo linali limenelo.

Nditaonera zimene ndinajambula, zinkaoneka zabodza. Amayi a kwaya akulira, inde, koma panja pankaoneka ngati tsiku lina lililonse. Ndinaganiza pang'ono n'kuzindikira chosowa. Ndinapita kuseri, n'kuthyola nthambi za bulugama, n'kukaziyala pamsewu, zina kumtunda kwa nyumba, zina kumunsi.

Ine ndinakulira pamudzi pomwepo. Ndikudziwa, ngati mmene mwana aliyense amadziwira, kuti masamba pamsewu si zokongoletsa. Ndi uthenga woti pakhomo pano pagwa zovuta, ndipo munthu sayala masamba mongoyerekeza. Koma tsiku limenelo m'mutu mwanga munalibe mudzi, munali filimu basi. Posakhalitsa kunatulukira bambo wina pa njinga. Ataona masambawo anatsika, n'kuvula chipewa, n'kudutsa akukankha njinga yake mwakachetechete. Ndinamujambula ndili kuseri kwa mtengo wa pichesi, mtima ukudumpha ndi chimwemwe. Sindinamuthamangire kukamuuza zoona. Ndinkaopa kuti akatembenuka andiwonongera chithunzi.

Anansi amene anabwera kudzaona ndinawauza kuti ndi filimu chabe, ndipo ena anapukusa mitu n'kubwerera. Koma odutsa okha aja ananyamula nkhaniyo n'kupita nayo. Mmodzi anakaifikitsa ku parishi.

Ndinali nditayatsanso kamera, amayi a kwaya akubuma pakhonde, pamene munthu analowa m'chithunzi kuchokera kumanzere. Analibe nsapato. Mpango unali utagwa kumutu, chitenje akuchigwira ndi dzanja limodzi. Ndinawazindikira nthawi yomweyo. Amayi anali atathamanga kuchokera ku parishi, mtunda umene pa masiku onse amauyenda akupumira kawiri.

Sanaone wina aliyense. Anaona chitseko chotsegula ndi mapazi a amuna awo atatulukira kunsi kwa bulangeti. Anagwa chogwada pabwalo pomwepo.

"Bambo a ana anga ine! Mwadzuka bwinobwino m'mawa uno, mwandichita chiyani?"

Amayi a kwaya anangoti zii. Kunatsala mawu a amayi anga okha, mawu amene ndinali ndisanawamvepo, okhuthala, ochokera m'mimba. Anayamba kukwawa kulowera kukhomo. Abambo, ali m'bulangeti, ankaganiza kuti ndi mmodzi wa akwaya amene wakometsa kulira, ndipo anagona duu monga ndinawalamulira.

Chala changa chinali pa batani. Pakamwa ndinali napo. Mawu awiri okha akanakwana, akuti amayi, n'zabodza. Sindinawanene. Ndinagwira foni ndi manja awiri kuti isagwedezeke, ndipo ndinachita kusendera pang'ono kumanja kuti dzuwa liwaunikire bwino kumaso. Laputopu imawerenga nthawi mosanyengerera munthu: anali masekondi makumi anayi ndi awiri. Anatha pamene amayi anagwira phazi la abambo n'kulipeza lofunda, abambo n'kudzambatuka.

Abambo anayamba ndi kuseka, poganiza kuti kuseka kukonza zinthu. Palibe anawathandiza. Anthu anali atadzaza pabwalo, ndipo amene anandinyoza tsiku limenelo sindingawawerenge. Onse ankanena za masamba: mwana wophunzira, mphunzitsi wathunthu, kuitanira imfa pakhomo pa makolo ake. Amayi atapeza mphamvu anadzuka, n'kupita okha kumsewu, n'kutola nthambi zija imodziimodzi, n'kukazitaya kudzala.

Patapita masabata awiri anandikhululukira. Anati ndi chibwana, ana a masiku ano mitu yawo ili m'mafoni. Wolakwa wamkulu kwa iwo anali abambo, munthu wa imvi zake. Apa m'pamene ndinazindikira kuti tsiku lija amayi sanandione n'komwe. Ankaganiza kuti ndinali kuseri kwa nyumba, kuti ndinafika zonse zitachitika. Ndinawasiya aziganiza choncho.

Kunena zoona ndinayesa kulumikiza filimuyo popanda iwo. Ndinayesa kangapo. Inkatuluka yozizira ngati tiyi wa dzulo. Ndikaikamo masekondi aja, inkadzuka. Ndinapita nayo kwa bambo wa maukwati uja kuti andiuze zochita, ngakhale ndinkadziwa kale chimene anene. Anaonera kawiri, n'kumenya tebulo.

"Aphunzitsi, tsopano mwakhwima. Ichi mukachotsa ndiye kuti ntchitoyi simukuifuna."

Kwa nthawi yaitali mkwiyo wanga ndinkautulira pa iyeyo. Ndinkati ndi munthu wopanda mtima, amene anandiphunzitsa kuonerera munthu akugwa. Ndinkakwiyiranso abambo ndi nzeru zawo za Lachinayi, ndi munthu wapakamwa amene anathamangira ku parishi asanafunse. Onsewo ndimawakwiyirabe. Koma bambo wa maukwati sanali ku Bembeke tsiku lija, ndipo si iye amene anasendera kumanja kufuna dzuwa.

Masekondi aja ndinawaikamo. Ndinatumizira anzanga ochepa, ndi chenjezo loti asapatse wina, ngati kuti sindidziwa mmene mafoni amayendera. Aphunzitsi anzanga anasiya kuseka, monga ndinkafunira. Mwezi usanathe filimu inali itazungulira Boma lonse n'kukwera phiri kubwerera kwawo. Amayi a kumpingo anaionera amayi anga asanadziwe kuti ilipo.

Loweruka lina m'mawa ndinawapeza pakhonde akusankha mbewu ya kachewere, yabwino m'dengu, yowola pambali. Ndinagwada kuwapatsa moni, anayankha bwinobwino. Kenaka anapukuta manja pachitenje.

"Ndamva kuti ndili mu kanema. Ndionetse."

Ndinayamba kufotokoza, koma anangotambasula dzanja. Anaigwira foniyo patali ndi maso, poti magalasi anali m'nyumba. Anaonera mlimi akugwa ndi njinga, anaonera bambo uja akuvula chipewa. Atafika pamene iwo akulowa pabwalo, nkhope yawo sinasinthe. Anadzionera akugwa, akukwawa, mpaka kumapeto. Mawu awo aja ankamveka bwino kwambiri, opanda mphepo ngakhale pang'ono.

"Wajambula izi ndani?"

"Ndine, amayi."

"Unaima pati?"

Ndinaloza pafupi ndi pichesi. Anadzuka pang'onopang'ono, atagwira bondo, n'kupita kukaima pamalopo. Anayang'ana pamene anagwera paja. Kenaka anayenda kuchokera pamtengo kukafika pamenepo, akuwerenga chamumtima. Anali mapazi atatu.

"Apa ndi apa," anatero. "Unkandiona."

"Eya, amayi."

Ndinkayembekezera kuti akalipa, ndipo ndinkafuna atakalipa, kuti nanenso ndilire tithane nazo. Sanatero. Anandibwezera foni ndi manja awiri ngati mmene amapatsira mlendo chinthu, n'kukhalanso pansi kupitiriza kusankha mbewu yawo.

Sanandithamangitse pakhomo. Ndikapita amandilandira, amandifunsa za kusukulu, pobwerera amandinyamulitsa kachewere ndi mapichesi. Koma mwezi wathawu anagonekedwa m'chipatala cha pa Boma masiku atatu chifukwa cha kuthamanga kwa magazi, ndipo ndinamva atatuluka kale. Anaitanitsa mng'ono wanga kuchokera ku Mzuzu kuti adzawadikirire. Ine nyumba yanga ili kuseri kwa mpanda wa chipatalacho.