Chimbale Chimene Ndinayanika Padzuwa

Nkhani iyi ndinakhala nayo zaka zambiri osauza munthu, ngakhale malemu mkazi wanga amene tinakalamba naye m'kanyumba kathu ku Kawale. Ndikuilemba lero poti dzanja likadagwira cholembera.

Ndili wachinyamata ndinkagwira ntchito ya m'nyumba kwa mphunzitsi wina wa nyimbo, bambo wofatsa amene anakaphunzira kunja. Anabwerako ndi galamafoni ndi zimbale zodzaza kabati. Lamlungu lililonse tikachoka ku tchalitchi, abwanawo ankavula jekete n'kutulutsa chimbale chimodzi chomwechomwecho. Ankachigwira m'mphepete ngati dzira, kuchiuzira kampweya, kenako n'kutsitsa singano. Munkayamba kaphokoso kothetheka ngati nkhuni pamoto, ndiyeno zoimbira zinayi za nsambo, zitatu za mawu okwera, chimodzi cha mawu aakulu ngati bambo wachikulire akudandaula. Munalibe ng'oma, munalibe woimba pakamwa. Poyamba ndinkati ndi nyimbo za maliro. Patapita miyezi ndinadzipeza ndikuchedwa dala popukuta mawindo a pabalaza.

Panyumbapo pankagwiranso ntchito mayi ena ochapa ndi kusita, amasiye, ochokera kummwera. Ankakonda kundiseka.

"Achimwene, windo limenelo mulibowola. Kapena nyimbo za abwanazi mwazifunsira ukwati?"

Tsiku lina abwana ali kusukulu ndinaona fumbi m'timizere ta chimbale chija. Ndinafuna kuwasangalatsa. Ndinachitsuka ndi sopo monga ndinkachitira ndi ziwiya zonse, n'kuchiyanika pathandala, padzuwa la Okutobala. Pobwera kumsika ndinachipeza chitapindika ngati tsamba la fodya louma. Mantha anandigwira. Ndinachibwezera m'chikuto chake n'kuchibisa pansi pa zovala m'sutikesi yanga.

Lamlungu abwana anafufuza kabati yonse. Atandifunsa ndinati sindikudziwa. Anafunsanso kuti winanso amene amalowa pabalaza ndani.

"Amayi aja, akamabweretsa makatani," ndinatero.

Sindinanene kuti aba, koma ndinkadziwa chimene ndikuchita. Mayiwo anachotsedwa ntchito sabata yomweyo, ndipo mbiri yoti ndi akuba inafika mpaka kumpingo kwathu. Potuluka pageti ananditsanzika bwinobwino: "Tsalani bwino, achimwene." Bola akanandilalatira.

Sukulu ndinaiyamba mochedwa, ya kwacha, ndili kale ndi ana anayi, ndikunyamula mabelo a fodya ku Kanengo. Anzanga m'kalasimo ankafuna kuwerenga Baibulo ndi makalata a kumudzi. Ine chinthu choyamba chimene ndinawerenga ndekha, chilembo ndi chilembo, chinali chikuto chija. Mayina ake achizungu amandikanika kutchula mpaka lero, koma maso anga amawadziwa ngati mayina a ana anga. Tinasamuka kanayi, sutikesi inatha, chimbalecho sindinachitaye.

Mwezi watha ndinapita nacho kwa mnzanga wa bawo amene amakonza mawailesi ku Biwi. Anachitembenuza uku ndi uku n'kuphulika kuseka.

"Madala, ichi ndi chimbale kapena chiwaya chokazingira mtedza?"

"Ingowerengani zalembedwapozo," ndinatero.

Anavala magalasi n'kulemba mayinawo pafoni. Anati nyimbo zakalezi masiku ano akuzitulutsanso, oimba omwewo, kujambula komweko, angochotsamo phokoso. Anandiikira pa fulashi. Sanandifunse chifukwa chake chinapindika, ndipo ine sindinamuuze.

Ndinazimvetsera pakhonde, dzuwa likupendeka, ana a oyandikana nawo akusewera fulaye pamsewu. Kwa amene angafune nyimbo zoterezi ndinganene kuti asathamangire zojambulidwa chatsopano, afune zakale zimene azitulutsanso. Oimba akalewo sankafulumira. Umamva ngakhale munthu akukoka mpweya asanakhudze nsambo. Musazimvetsere muli m'minibasi. Khalani pansi, ndipo gawo lachiwiri la nyimboyo, limene ndi lodekha, mulibwereze. Chokhacho chimene ndinachisowa ndi kuthetheka kuja, chifukwa kwa ine ndi kumene kunkanena kuti Lamlungu lafika.

Choimbira chachikulu chija chitayamba kudandaula, pabalaza paja panabwerera ponse: fungo la polishi, abwana atatsinzina pampando, nsalu yopukutira ili m'manja mwanga. Kenako ndinaona mayi aja pakhomo, makatani ali pamkono, ataima osasuntha. Ndinali nditaiwala kuti nawonso ankachedwa dala.

Abwana anamwalira kalekale osadziwa zoona. Mayiwo ali moyo. Amakhala kwa mwana wawo ku Chinsapo, maso anasiya kuona, ndipo zaka zonsezi ndakhala ndikuwazemba pamaliro a anthu a kumpingo, iwo uko ndi dzina la wakuba, ine kuno ndi dzina la mkulu wa mpingo.

M'mawa mwake ndinavala jekete la ku tchalitchi. Ndinaika m'jumbo kawailesi, fulashi ndi chimbale chija, n'kukwera minibasi. Ndinawapeza atakhala pamkeka, akuwothera dzuwa. Nditati odi, anatembenuza mutu.

"Mawu amenewo ndikuwadziwa. Si achimwene a mawindo aja?"

Ndinagwada. Ndinaika chimbalecho m'manja mwawo kuti achipapase, amve mmene chinapindikira, ndipo ndinayamba kufotokoza kuyambira pa sopo paja.