Galasi la Sienta ya Mayi Lestina

Mayi Lestina Makwinja anathyola tiyi pa esiteti zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi asanagwirepo chiwongolero. Galimoto inali ya amuna awo, a Fraser, amene anagula Sienta yakale ndi ndalama za penshoni n'kumanyamula anthu pakati pa Goliati ndi pa boma. Bambowo atagwa ndi sitiroko, dalaivala waganyu ankangobwera ndi madandaulo m'malo mwa ndalama, mpaka mayiwo anakaphunzira kuyendetsa okha, ali ndi imvi kale.

Tsiku lina m'mawa, thirakitala yokoka tiyi inalasa kamwala pagalasi la kutsogolo. Poyamba kanali kachipsera ngati njere ya chimanga. Pofika Lachisanu, mng'alu unali utadutsa pamaso pawo penipeni, ndipo apolisi a pamsewu anawauza kuti asawaonenso nalo.

Ku Limbe, a Dickson, ogulitsa magalasi, anawaonetsa awiri.

"Ili ndi orijino, mayi, K600,000. Ili lachitchaina, K230,000. Limagwira, koma sindikunamizani, si limodzi."

Kenako anatsitsa mawu. Kuseri kunali lina la orijino, lochotsa pa Sienta imene inagundidwa kumbuyo ndi lole. Limenelo akanasiya pa K300,000.

"Munali anthu?" anafunsa Mayi Lestina.

"Awiri sanadzuke."

Atafika kunyumba anafotokozera amuna awo, amene anali pampando pakhonde, dzanja lakumanja lili lende. A Fraser amayankhula movutikira, koma apa mawu anatuluka bwinobwino.

"Galasi loona maliro ayi. Gulani orijino, amake Tione."

"Ndi chiyani, bambo? Inshuwalansi yathu ija akuti imalipira galimoto ya mnzako yokha."

Bambowo anayang'ana kumbali.

Mayi Lestina analibenso mphamvu zokangana. Anatenga lachitchaina. Theka anatumiza pafoni, theka linalo anakongola ku banki m'khonde, kumene amayi anzawo akale a ku esiteti anawapatsa miyezi itatu.

Galasilo linakhala bwino mpaka mvula itayamba. Pakona ya kumanzere panayamba kudontha, ndipo wokwera kutsogolo ankapatsidwa kansanza kuti azigwirizira. Kukachita nkhungu m'minda ya tiyi, nyali za galimoto zobwera zinkamwazika pagalasi, maso n'kumawawa. Anabwerera ku Limbe kawiri. A Dickson anamata guluu wina, ulendo wachiwiri n'kunena mwaulemu kuti vuto ndi dzimbiri la galimoto, osati galasi.

Ngongole ija Mayi Lestina anaimaliza mu Malichi, mochedwa ndi sabata ziwiri. Masiku ano amaweruka dzuwa lisanalowe chifukwa cha maso aja, ngakhale kuti madzulo ndi pamene okwera amachuluka. Akafika amawasambitsa a Fraser, kenako amakhala pansi n'kumadzitikita mawondo. Bambowo akafunsa za galasi, amangoti, "Likuona, bambo."