Bambo wake wa Dalitso pa mwambo wa masikafu

Mwaswera bwanji nonse. Ndangofika kumene kuchokera ku tchalitchi kwathu ku Matero, mtima ukadali kuwira.

Lero anyamata a skauti amalumbira ndi kuvekedwa masikafu. Mtsogoleri wawo anati kholo lililonse libwere kutsogolo lidzaveke mwana wake. Ndisanadzuke n'komwe, ndangoona ba Mulenga, bambo wake wa mdzukulu wanga Dalitso, ali kutsogolo atavala suti. Munthu amene sanapondeko kuno chimwalirire mwana wanga Esinati, mayi wake wa Dalitso.

Analandira sikafu n'kulunjika nayo kwa mwana wa ba Phiri. Anayamba kumumanga ndithu, uku akumwetulira kuti awajambule. Dalitso ali pambali pomwepo, zala zitatu m'mwamba, akungoyang'ana pansi. Ndinapita kukawalanda sikafuyo, mdzukulu wanga ndamuveka ndekha.

Potuluka ba Mulenga akuti, "Amayi, pa holide ndibwera kudzamutenga, akakhale nane ku Ndola."

Ndawayankha kuti, "Mudzatenge wa ba Phiri yemwe mukumudziwayo."

Koma za mwambowu ndinalemba pa gulu lino lokha, ngakhale aneba sindinawauze. Ndani mwa inu anawauza ba Mulenga? Ayankhe pompano, asandiimbire kumbali. Nanga akabweradi kudzamutenga, mudzaima ndi ine ndani?