Mkulu wootcha nkhumba kwa Chiwalo

Pa msika wa kwa Chiwalo pali bambo ena achikulire ootcha nyama ya nkhumba, ndipo phuma salidziwa. Amadula nthuli zochindikala, osachotsa mafuta a m'mbali, n'kuziviika m'madzi amchere ndi mandimu kuyambira m'mamawa. Moto wa malawi saufuna, amadikira makala ayambe kuchita phulusa. Ukawafulumizitsa amangoti, "Nkhumbayi inathamanga kale ili moyo, pano isiyeni ipume."

Mervis sadzawaiwala. Chaka chomwe sukulu zinayamba kukhala zaulere, mwamuna wake anamwalira n'kumusiyira ana atatu, ndiye anakaika mbaula yake pafupi ndi ya mkuluyo. Nyama yake inkauma gwa ngati chikopa, ogula ankaluma kamodzi osabweranso. Tsiku lina ataona mkuluyo akubwera, anaganiza kuti akudzamuthamangitsa.

Iwo anangomulanda foloko m'manja.

"Mwanawe, ukaibayabaya chonchi, msuzi wake utsalira kuti? Tembenuza kamodzi kokha. Ikapsa bwino, uifunditse tsamba la nthochi kwa kanthawi usanaidule."

"Koma bambo, ndikaphunzira si ndikulandani makasitomala?"

"Anjala pamsika pano ndi ambiri kuposa manja anga awiriwa."

Masana omwewo dalaivala wina wa matola analuma nthuli ya Mervis, msuzi n'kumuchuchira mpaka m'chigongono, ndipo anaitanitsa ina. Mervis anapita kukagwada pafumbi pomwepo kuti athokoze bambo aja, misozi ili m'maso.

Mkuluyo sanamuyang'ane n'komwe. "Dzuka iwe, nyama yako ikupserera uko."